Sosi wa marasipiberi mu khitchini ya ku Lilongwe

Ambiri a ife amene tinakulira kuno ku Lilongwe tinayamba kumudziwa rasipiberi ngati utoto tisanachione chipatso chake. Anali madzi ofiira aja a m'mafulizesi ogula pa geti la sukulu, jele wa pa Khirisimasi, ndi maswiti osiya lilime lili psuu. Mukafunsa mwana wa ku Kawale kapena ku Area 25 kuti rasipiberi amakoma bwanji, adzakuuzani kuti amatsekemera, basi. Za kuwawasa sadzanena, za fungo sadzanena, za tinjere tolowa m'mano ndiye sadziwa n'komwe, chifukwa m'fulizesi zimenezo mulibe. Chimodzi mwa zinthu zimene zimapatsa chipatsochi fungo lake, chimene akatswiri amachitcha raspberry ketone, chimapezeka chochepetsetsa, mamiligalamu owerengeka chabe mu kilogalamu yathunthu ya zipatso. N'chifukwa chake mafakitale amangochipanga okha. Chimene tinkayamwa chija chinali fungo lopanga, shuga ndi utoto.

Chipatso chenicheni n'chosowa kuno, ndipo sichisowa pachabe. Marasipiberi ofiira amakonda malo ozizira. Mayiko amene amalima kwambiri ndi monga Russia, Serbia, Poland, Mexico ndi United States. Dzuwa lathu la Okutobala silichitira chisoni mbewu yotere. Kuwonjezera apo, chipatsochi sichipirira. N'chofewa, m'kati mwake muli mphako chifukwa kamtima kake kamatsalira pa tsinde pothyola, ndipo pakangopita masiku awiri kapena atatu chimayamba kuchita chuku. Wamalonda wa pa msika amene tomato wake amatha kudikira ogula sangalole kuika mpamba wake pa katundu wotere.

Pa Malawi pano, amene akufuna kuona marasipiberi ali m'mbale ayenera kukwera phiri la Zomba. Mu msewu wokhotakhota uja wopita ku Ku Chawe, anyamata ndi amayi amaima m'mbali atanyamula timbale ta masitiroberi, mabulosi, magalagadeya ndi marasipiberi, ndipo galimoto ikangoima amaizinga. Ambiri mwa marasipiberi a kumeneko ndi achikasu, a mtundu wochokera ku mapiri a Himalaya ku Asia. Unabwera ndi anthu, kenako unafalikira wokha m'tchire ndi m'mphepete mwa nkhalango za paini. Akatswiri a zachilengedwe amadandaula nawo, moti uli pa mndandanda wa zamoyo 100 zolanda malo a zinzake koposa pa dziko lapansi. Koma kwa mayi amene walowa m'zitsamba za minga m'mawa kukathyola, imeneyo ndi ndalama ya sopo ndi mchere. Ine ndikamagula sindinenerera kwambiri, chifukwa mikono yake yokalikakalika imaoneka.

Vuto limayamba pobwera nazo kuno. Kuchokera ku Zomba kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 300, ndipo njira yake imadutsa m'ng'anjo ya ku Liwonde ndi ku Balaka musanayambe kumva kamphepo ka ku Ntcheu ndi ku Dedza. Mlamu wanga amene amakhala ku Zomba amatibweretsera akamabwera. Amazifungatira pa miyendo ulendo wonse, komabe akamafika pakhomo za pansi zimakhala zitaphwanyika, madzi ali chuchuchu m'jumbo.

"Pepani alamu, zaphwanyika m'njira," amatero nthawi zonse, nkhope ili yogwa.

"Musadandaule alamu, lowani mupume. Zimenezi ndiye zabwino."

Sindinena mongowasangalatsa ayi. Chipatso chophwanyika sichinaole. Sichingakongoletse keke, koma kukoma kwake konse kulipo, ndipo poto safunsa maonekedwe. Apa ndi pamene sosi amabwera. Kambale kamodzi ka marasipiberi, mukati mugawe kuti aliyense adye chodyeratu, ana amangolawa tiwiritiwiri nkhani n'kutha. Kambale komweko mukakasandutsa sosi, kamafika pa mbale ya aliyense, kuyambira agogo mpaka mwana wa aneba amene wapezeka pakhomo nthawi ya chakudya. Amayi anga ankakonda kunena kuti chakudya sichichepa, chimachepa n'chovala, ndipo sosi ameneyu amawavomereza.

Ntchito yoyamba ndi kusankha. Khuthulani zipatso pa thireyi, muzione chimodzichimodzi. Chilichonse chimene chachita chuku tayani pamodzi ndi zimene zagundana nacho, osanyinyirika. Chotsani timapesi, timasamba ndi tizilombo tobisala m'mphako muja. Potsuka musaziike pansi pa mpopi, madzi amphamvu amazinyenya. Ziikeni m'sefa, muviike sefayo m'beseni la madzi abwino, mugwedeze pang'ono, mutukule. Chidutsireni kolera wa 2022 ndi 2023, ine madzi otsukira chipatso ndimafuna akhale omwewo amene ndingamwe, owiritsa kapena othira mankhwala.

Muyeso umene ndimatsata ndi uwu: zipatso makapu awiri ndi theka, amene ndi magalamu pafupifupi 300, shuga masupuni aakulu atatu, madzi a mandimu supuni yaing'ono imodzi, ndi kamchere kotapa ndi nsonga za zala. Zimenezi zimatulutsa sosi wotsala pang'ono kudzaza kapu imodzi, wokwanira anthu asanu ndi atatu kapena khumi, popeza sosi ameneyu samwa, amangothira pamwamba. Madzi musathire. Sakanizani zipatso ndi shuga mu poto, muvundikire, muzisiye mphindi 20 kapena 30 poto asanaone moto. Shuga amakoka madzi a m'zipatso, ndipo mukadzavundukula mudzapeza zikusambira m'madzi awoawo. Amene amathira madzi a pa mpopi amadzakakamizika kuphika nthawi yaitali kuti aphwe, ndipo fungo limathawa ndi nthunzi.

Za poto ndiimepo pang'ono, chifukwa apa ambiri amaonongera ntchito yabwino. Mapoto athu ambiri, makamaka aja osula amisiri a m'misika, ndi a aluminiyamu. Pa nsima ndi nyemba alibe mnzake, koma chipatso chowawasa chimalimbana ndi chitsulo chimenechi. Sosi amatuluka wothimbirira, ndipo pa lilime mumamva kakomedwe ka chitsulo. Fufuzani poto wa stainless steel kapena wa enamelo wosatekedzeka. Chimodzimodzinso mthiko. Mtengo umasunga fungo. Mthiko umene dzulo unatakasa usipa wa anyezi, ngakhale muutsuke chotani, ukalowa m'marasipiberi otentha udzaulula kumene unali. Ine ndili ndi kamthiko kakang'ono kamene ndinakamanga kansalu kofiira ku chigwiriro, ndipo pakhomo pano aliyense amadziwa kuti kameneko sikalowa mu ndiwo.

Moto wake ndi wofatsa. Ngati mukuphika pa mbaula, musasonkhe makala atsopano. Dikirani nsima ipse, makala achite phulusa pamwamba, ndiye tenthetsani pa moto wotsalawo. Pa gasi kapena pa hotipuleti ikani pakatikati. Poyamba mudzaona timathovu m'mbali mwa poto, kenako thovu lotuwa mofiirira likukwera pamwamba, kenako zipatso zikugwa mphwayi, kumasuka zokha popanda kuzikanya. Fungo limene limadzaza m'nyumba pa nthawi imeneyi ndi limene limatulutsa ana kuchipinda. Ikangoyamba kubwata, werengani mphindi zisanu, zikachuluka zisanu ndi zitatu, mukutakasa mwa apo ndi apo kuti zisapserere pansi. Viikani supuni, muitembenuze, mudutse chala kumsana kwake. Kanjira kachalako kakakhala kosatsekeka msanga, phulani. Adzaoneka ngati wamadzimadzi kwambiri, ngati phala loyamba kumwetsa khanda, koma musamubwezere pa moto. M'zipatso muli chinthu chotchedwa pectin, chomwe chija chimagwiritsa jamu, ndipo chimalimbitsa sosi akamazizira.

Mandimu thirani mutaphula. Ena amadabwa kuti chipatso chowawasa kale chifuniranji mandimu. Pali zifukwa ziwiri. Choyamba, shuga ndi moto zimagoneka kakomedwe ka chipatso, ndipo mandimu amakadzutsa. Chachiwiri ndi mtundu. Utoto wachilengedwe wa m'marasipiberi ofiira, womwenso uli m'mabulosi ndi m'chidede, umawala kwambiri pamene pali zowawasa. Ukakumana ndi zinthu monga soda kapena chidulo, umasanduka wobiriwira motuwa. Mukafuna kuonetsa ana, donthezani sosi pang'ono m'kapu ya madzi a soda wophikira therere, aone okha akusintha. Marasipiberi achikasu a ku Zomba alibe utoto wofiirawu, choncho sosi wake amatuluka wa golide, ndipo kuwawasa kwake n'kofatsa. Ndi wokongola mmene alilimo. Koma ngati mtima wanu uli pa wofiira, ponyani mu poto makoko anayi kapena asanu a chidede pamene mukuphika.

Tsopano kusefa, ntchito imene imasiyanitsa sosi wa mlendo ndi sosi wa changu. Mukaliyang'anitsitsa rasipiberi limodzi, mudzaona kuti ndi timipira tambirimbiri togwirana, ndipo kampira kalikonse kali ndi njere yake yolimba. Mu poto mmodzi muli njere zosawerengeka. Ikani sefa ya mawaya ang'onoang'ono pamwamba pa bakuli, tsanulirani sosi akadali wofunda, chifukwa akazizira amakana kudutsa. Oyamba amadutsa okha. Otsalawo ndiye a ntchito. Tengani chipande kapena supuni yaikulu, muzitikita ndi kumsana kwake mozungulira, pang'onopang'ono, osati mwankhondo kuti mungabowole sefa. Muziima kawirikawiri n'kupala kunsi kwa sefa, chifukwa sosi wokhuthala ndi wokoma koposa amakakamira kumeneko, ndipo anthu ambiri amakamutsukira ku sinki osadziwa. Pitirizani mpaka m'sefa mutatsala njere zokhazokha zouma, zogwirana. Mkono umatopa, ndipo mphindi khumi zimatha. Ine ndimakonda kuchita ntchito imeneyi nditakhala pa mpando wa khonde, bakuli lili pa miyendo, mwana wanga wamkazi atagwira sefa. Iye ndiye amapala kunsi, ndipo malipiro ake ndi supuni.

Njerezo musataye msanga. Zithireni kapu ya madzi ozizira abwino, mutakase, musefenso, muike kashuga: mwapeza chakumwa cha wophika. Alipo amene amakonda sosi wa njere zake, ndipo pa phala kapena pa buledi sindiwatsutsa. Koma pa ayisikilimu ndi pa kasitadi, pamene chinthu chonse chimayenera kutsetsereka pa lilime, njere zimasokoneza. Komanso ganizirani akuluakulu. Apongozi anga ali ndi mano oikirira, ndipo kanjere kamodzi kolowa kunsi kwake n'kokwanira kuwaonongera madzulo onse.

Shuga wathu wa ku Dwangwa ndi ku Nchalo ambiri timagula wabulauni. Amagwira ntchito, koma amadetsa mtundu ndipo amabwera ndi kakomedwe kake ka nzimbe kamene kamaphimba kakomedwe ka chipatsochi. Pa marasipiberi ndimasankha woyera. Ndipo ndimaumira nawo dala. Ife a Malawi dzanja lathu pa shuga ndi lolemera, onani mmene timathirira mu tiyi. Koma sosi ameneyu amakathiridwa pa zinthu zotsekemera kale, ndipo ntchito yake ndi kudula kutsekemerako kuti munthu afune supuni ina. Akakhala tseketseke, mwangobwerera ku fulizesi uja. Yambani ndi masupuni atatu, mulawe atazizira, ndipo ngati akukwinyitsa nkhope onjezani pang'ono. Shuga amasungunuka bwinobwino mu sosi wofunda, koma mukathira wambiri palibe njira yomuchotsera.

Ena amathira cornflour, kaufa ka sitachi wa chimanga kogula m'sitolo, kuti sosi akhuthale. Ine sindiona chifukwa, pokhapokha ngati mukufuna sosi woti akhazikike pamwamba pa keke osayenderera. Zikatero, sungunulani supuni yaing'ono imodzi m'madzi ozizira pang'ono, thirani mu sosi wosefa kale, mubwatitse mphindi imodzi. Dziwani kuti kunyezimira kwake kumachepa, ndipo mukamuumitsa mu firiji n'kumusungunula amalekana ndi madzi.

Amene alibe mlamu ku Zomba asataye mtima. M'mafiriji a masitolo akuluakulu a m'tauni muno nthawi zina mumapezeka mapaketi a marasipiberi oumitsa ndi chisanu ochokera kunja, kapena osakaniza ndi zipatso zina za mtundu womwewo. Mtengo wake ndi wowawa, koma pa sosi ndi abwino kwambiri, chifukwa chisanu chimakhala chitaswa kale timipira tija ndipo madzi amatuluka msanga. Musanagule, gwirani paketiyo. Zipatso zizimveka chimodzichimodzi, zikuyendayenda. Ngati zaumbana kukhala chibuma chimodzi, ndiye kuti zinasungunukapo n'kuumanso, zimene sizachilendo kuno kumene magetsi amazimazima. Ndipo zoterezi muzionetsetsa kuti zabwata ndithu. Ku Ulaya zipatso zoumitsa ndi chisanu zinafalitsapo matenda a chiwindi a hepatitis A ndi a m'mimba, moti ku Ireland oyang'anira za chakudya amalangiza anthu kuziwiritsa kwa mphindi imodzi asanadye. Chisanu sichipha tizilombo timeneti, chimangotisunga.

Posunga, kumbukirani kuti sosi si jamu. Jamu amakhalitsa pa shelefu chifukwa shuga wake amatsala pang'ono kulingana ndi zipatso kulemera kwake. Sosi wathuyu shuga ndi wochepa, choncho malo ake ndi mu firiji, m'botolo lowiritsa ndi lotseka bwino, ndipo athe pasanathe masiku asanu. Ngati magetsi azima tsiku lonse m'nyengo yotentha, mudyeni tsiku lomwelo. Wofuna kusunga nthawi yaitali amuumitse ndi chisanu. Njira imene ndimaikonda ndi kuthira m'timapepala ta fulizesi, kumanga, n'kuika mu chipinda cha ayezi. Kapepala kamodzi ndi ka anthu awiri kapena atatu, ndipo mumasungunula kokhako kamene mukufuna. Muzingobisa kuseri kwa nyama, chifukwa ana akatipeza amayesa ndi tawo.

Nanga amathira pa chiyani? Chakudya chotchuka kwambiri cha sosi ameneyu ndi Peach Melba. Anachiyambitsa ndi Auguste Escoffier, mkulu wa ophika wa ku France amene ankagwira ntchito ku hotela ya Savoy ku London m'zaka za m'ma 1890, polemekeza woimba wa ku Australia, Nellie Melba. Dzina ndi lalikulu, koma zinthu zake ndi zitatu zokha: mapichesi ophika m'madzi a shuga, ayisikilimu wa vanila, ndi sosi wa marasipiberi. Mapichesi ife tili nawo. Chakumapeto kwa chaka amadzaza m'mabeseni ku Dedza ndi ku Lizulu, ang'onoang'ono, olimba, ena obiriwira. Kudya osaphika amalimbitsa nsagwada, koma mukawasenda, kuwadula pakati ndi kuwafwafwaza pang'ono m'madzi a shuga mpaka mpeni uzilowa mosavuta, amafewa n'kutulutsa fungo limene simunaliyembekezere.

Komabe sindidikira mapichesi. Chambiko chozizira chothira supuni ziwiri za sosi chimaposa yogati wa zipatso wa m'sitolo. Phala la mpunga wa Kilombero lophika ndi mkaka, fungo la mpunga ndi la chipatso zikakumana, ndi chakudya choti mungapatse mlendo wolemekezeka. Chigumu cha dzulo chimene chayamba kuuma, chidutseni pa chiwaya, muthire sosi, chimadzuka. Pa zitumbuwa zotentha amagwirizana ndi nthochi. Ndipo pa chilichonse mwa izi, wazani mtedza wokazinga wosinja mwa apo ndi apo, kuti mano apeze chotafuna.

Chimene chimandipweteka mtima ndi ichi. Pamene tikudandaula kuti marasipiberi ndi osowa ndi odula, m'mipanda yambiri ya ku Area 18, ku Biwi ndi ku Chilinde muli mitengo ya mabulosi imene imabereka mpaka nthambi kuwerama nyengo yotentha ikamayamba. Ana amadya, mbalame zimadya, otsala amagwa pansi n'kudetsa bwalo, ndipo eni nyumba amangosesa kapena kuganiza zodula mtengo. Njira yonse ndafotokozayi imagwira pa mabulosi popanda kusintha kwenikweni. Kusiyana kwake n'kwakuti mabulosi akupsa bii sawawasa, choncho mandimu muwirikize kawiri kapena katatu, shuga muchepetse, ndipo muponyemo ofiira osapsetsa pang'ono kuti akoleze. Apa shuga wabulauni ndiye amakhala bwino. Timapesi take musavutike kuchotsa, sefa idzagwira.

Chidede nachonso, chimene ambiri timangochidziwa ngati ndiwo kapena chakumwa, chimatulutsa sosi wofiira kuposa wa marasipiberi amene. Chotsani kambewu ka m'kati, makoko ofiirawo muphike ndi madzi pang'ono, popeza icho chilibe madzi ambiri, kwa mphindi khumi kapena kupitirira mpaka afewe. Chimawawasa kwambiri, choncho mandimu safunika ndipo shuga amafunika wochulukirapo. Magalagadeya safuna n'komwe moto wambiri: kungofunditsa ndi shuga kuti njere zilekane ndi mnofu, n'kusefa.

Fungo la rasipiberi ndi lamphamvu moti limatha kutsogolera zipatso zina. Alamu akabwera ndi kambale kamodzi kokha pamene mabulosi ali pa nyengo, ndimasakaniza gawo limodzi la marasipiberi ndi magawo awiri a mabulosi. Mabulosi amapereka thupi ndi mtundu, marasipiberi amapereka fungo ndi kuwawasa, ndipo kapu imodzi ija imasanduka makapu atatu. Mtengo wa mabulosi pakhomo panga palibe, ndimakapempha kwa mayi wachikulire wa kuseri kwa mpanda wathu. "Mwanawe, ukuchita kupempha zimenezi? Thyola, zikungondidetsera bwalo," amatero. Timayala thumba loyera pansi pa mtengo m'mawa kusanatenthe, mnyamata amagwedeza nthambi, ndipo akupsa okha ndi amene amagwa. Valani zovala zakale, chifukwa utoto wake pa nsalu suchoka msanga, koma m'manja umachoka mukapaka khoko la ndimu lomwe mwafinya lija. Botolo loyamba limabwerera kwa mwini mtengo, ndipo chaka chatha anandituma kuti chaka chino ndiwapangire awiri, lina atumize kwa mwana wawo ku Kasungu.